Ngati ndi open source, bwanji akundiuza kuti ndilembetse ndi kuvomereza laisensi?

Funso lochokera kwa mphunzitsi wina wa ku Zomba:

"Ndimaphunzitsa makompyuta pa koleji ina yapulaiveti, ndipo popeza palibe wina, ndimayang'aniranso makompyuta a mu ofesi. Mu labu ophunzira amaphunzira Linux kudzera mu VirtualBox. Ku ofesi ya a bursar ndinaikakonso VirtualBox kuti pulogalamu yawo yakale yowerengera ndalama, imene imangoyenda pa Windows 7, ipitirize kugwira ntchito. Ndinkadziwa kuti VirtualBox ndi open source. Koma poika kachidutswa kena kotchedwa Extension Pack panatuluka chikalata chachitali chonena kuti n'kogwiritsa ntchito munthu payekha. Nditayesa VMware anandiuza kuti nditsegule kaye akaunti, ndilembe dzina ndi adiresi. Mnzanga akuti ndisamukire ku Proxmox, koma nayonso imadandaula za subscription nthawi iliyonse ndikalowa. Kodi open source imeneyi ndi dzina chabe? Amaloledwa kutikakamiza kulembetsa? Nanga koleji yathu ili pa mlandu?"

Aphunzitsi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo, zinazo zibwere pambuyo. Mu labu mulibe mlandu. Ku ofesi ya a bursar, ngati munangoika VirtualBox yokha, nakonso kuli bwino. Koma ngati Extension Pack ija munaiikanso kumeneko, pali banga, ndipo ndi banga loti mukhoza kulichotsa mawa m'mawa a bursar asanamalize tiyi wawo, osatulutsa ngakhale tambala.

Chakusokonezani n'chakuti mwakumana ndi zinthu zitatu zosiyana zimene zavala yunifomu yofanana. Zonse zitatu ndi mapulogalamu oyendetsera kompyuta yongoyerekezera, yotchedwa VM, mkati mwa kompyuta yeniyeni. Ku VirtualBox mwapeza malaisensi awiri okhala pansi pa dzina limodzi. VMware siinakhalepo open source n'komwe. Proxmox ndi open source yeniyeni, kungoti mwini wake amakonda kukukumbutsani kuti alinso ndi katundu wogulitsa.

Pankhaniyi ife tili ndi mwayi umene olankhula Chingerezi alibe. Iwo ali ndi liwu limodzi, free, limene limanyamula matanthauzo awiri, ndipo akhala akupunthwa nalo kuyambira m'ma 1980. Ife tili ndi mawu awiri, ulere ndi ufulu. Chaulere ndi chimene mwalandira osalipira. Ufulu ndi wakuti pulogalamuyo mukhoza kuigwiritsa ntchito pa chilichonse, kuona mmene anailembera, kuisintha, ndi kupatsako ena. Open source imanena za ufuluwo. Bungwe la Open Source Initiative, limene linayamba mu 1998, lili ndi mfundo zoyezera laisensi, ndipo mfundo yachisanu ndi chimodzi imaletsa laisensi kusankha mtundu wa ntchito. Chitsanzo chimene anaikapo okha ndi cha bizinesi. Ndiye laisensi iliyonse yonena kuti "panyumba pokha, osati kuntchito" yagwa kale mayeso amenewo, ngakhale katunduyo atakhala waulere.

Tsono VirtualBox inafika bwanji pokhala ndi nkhope ziwiri? Inabadwira ku Germany, ku kampani yaing'ono yotchedwa innotek. Mu Januwale 2007 anatulutsa khodi yake, kutanthauza malemba amene pulogalamu imapangidwa nawo, pansi pa laisensi ya open source yotchedwa GPL, koma anasunganso mtundu wina wokhala ndi zowonjezera umene unali pansi pa laisensi yawoyawo yotchedwa PUEL. Mu 2008 Sun Microsystems inagula innotek, ndipo mu 2010 Oracle inagula Sun. Amene tinagwiritsa ntchito VirtualBox m'masiku a Sun timakumbukira kabokosi kamene kankatuluka ukangoitsegula koyamba, kopempha kuti ulembetse. Kankakwiyitsa anthu, koma ukakatseka pulogalamu inkayenda ndithu. Mu Disembala 2010, potulutsa VirtualBox 4.0, Oracle inakonza zinthu mmene zililimu mpaka lero: pulogalamu yaikulu yonse inakhala ya GPL, zotsekedwa zija anazisonkhanitsa mu fayilo ina yapadera. Fayilo imeneyo ndi Extension Pack imene munaiona. Kuyambira pa VirtualBox 7.0, ya mu Okutobala 2022, pulogalamu yaikuluyo ili pansi pa GPL yachitatu.

Mwina mungafunse kuti GPL imawalola bwanji kutseka mbali ina. Imawalola chifukwa khodiyo ndi yawo. GPL imamanga amene alandira pulogalamu n'kufuna kuigawanso, koma mwini wake weniweni akhoza kutulutsa gawo lina poyera, lina n'kulisunga m'chikwama. Ndicho chifukwa chake Extension Pack mumaitsitsa payokha ndipo imabwera ndi chikalata chakechake.

Chikalatacho anthu sachiwerenga, ndipo ine ndemwe ndinakhala zaka ndisanachiwerenge. Batani la I Agree limakhala lotuwa, losadinika, mpaka mutatsetsereka kufika pansi penipeni. Ndiye tonse timangokoka mbewa kuti fyuu, batani layaka, tadina. Mkati mwakemo muli mawu akuti mukhoza kuigwiritsa ntchito mwaulere ngati ndi zanu za inu nokha zosakhudza malonda, kapena ngati ndinu mphunzitsi kapena wophunzira pasukulu, pakoleji kapena payunivesite ndipo mukuigwiritsa ntchito ngati mbali ya maphunziro. Labu yanu yalowa pakhomo lachiwirilo. Ofesi ya a bursar siinalowe pakhomo lililonse. Kuwerengera fizi ndi malipiro a antchito si phunziro la pa silabasi, ngakhale ofesiyo ili mumpanda wa koleji. Apa m'pamene masukulu ambiri amadzinamiza, poganiza kuti chilichonse chochitika kuseri kwa geti la sukulu ndi "maphunziro".

Palinso msampha wina. Mawu a PUEL akhala akusinthidwa. Kale ankalola munthu amene waika yekha pakompyuta yake kuigwiritsa ntchito ngakhale pa zamalonda, koma mu 2017 khomo limenelo linatsekedwa. Choncho mukapeza malangizo akale pa intaneti onena kuti zilibe kanthu bola mwaika nokha, dziwani kuti ankanena zoona pa nthawi yawo. Chimene chimakumangani ndi chikalata chimene chinatuluka tsiku limene munadina batani lija.

Tibwere pa funso lanu lalikulu, la kulembetsa.

Mukafika pa ofesi ya bungwe lililonse, mlonda amakutulutsirani buku lija: dzina, kumene mwachokera, amene mukufuna kuonana naye, nthawi yolowa, siginecha. Simungakane, geti ndi lawo. GPL nayo siikakamiza munthu aliyense kukupatsani pulogalamu. Mwini seva akhoza kuika buku pa geti lake, akhoza ngakhale kulipiritsa polowa, ndipo sanaphwanye kalikonse. Chimene GPL imaletsa ndi chakuti mlondayo akutsatireni mpaka kwanu. Mukangotuluka ndi fayilo m'manja, palibe amene angakuuzeni kuti musaiyendetse mpaka mutalembetsa, kapena kuti aliyense amene mwamupatsako akadzionetse kwa iwo. Ndime 9 ya GPL yachitatu imanena mosabisa kuti simufunika kuvomereza laisensiyo kuti mulandire kapena kuyendetsa pulogalamu. Ndime 10 imaletsa wogawa kuwonjezera zoletsa zakezake pamwamba pa zimene laisensi yapereka. A Free Software Foundation, amene analemba GPL, anayankhapo funso lomweli, lakuti kodi wogawa angalamule kuti aliyense wolandira pulogalamu amulipire kapena amudziwitse, ndipo yankho lawo ndi lakuti ayi.

Chotsatira chake n'chakuti buku la pa geti la pulogalamu ya GPL silikhala ndi mano. Amene walowa koyamba akhoza kutsegula geti lina kuseri lopanda mlonda. Ndi zimene Ubuntu, mtundu wina wa Linux, imachita: mukalemba sudo apt install virtualbox, pulogalamu imabwera popanda kufunsidwa dzina. Koma yesani kuika phukusi la virtualbox-ext-pack pa Ubuntu yomweyo. Lidzakutulutsirani chikalata cha PUEL kuti muvomereze, kenako n'kukatenga fayiloyo kwa Oracle, chifukwa a Ubuntu alibe chilolezo choisunga ndi kuigawa okha. Kusiyana kwa ufulu ndi ulere mukhoza kukuona ndi maso pa mizere iwiri imeneyi.

Ndipo ngati kabokosi kolembetsa kali mkati mwa khodi ya GPL, aliyense wodziwa kulemba mapulogalamu akhoza kukachotsa n'kugawa mtundu wopanda kabokosiko. Chimene sangatenge mwachisawawa ndi dzina ndi chizindikiro cha kampani, popeza zimenezo zili pansi pa lamulo lina. Zinachitikapo ndi XenServer, pulogalamu ina yoyendetsera ma VM pa seva. Kumapeto kwa 2017 kampani ya Citrix inachotsa zinthu zingapo mu mtundu waulere n'kuzisiyira olipira okha. Popeza khodi yambiri inali poyera, Olivier Lambert wa ku France ndi anzake anaitenga, n'kutulutsa yawo mu 2018 pansi pa dzina latsopano la XCP-ng, imene ikugwirabe ntchito mpaka pano.

Tsopano taonani chodabwitsa pa zimene zakuchitikirani. Fayilo imene siinakufunseni dzina ndi imene ingakubweretsereni kalata, pamene imene inakufunsani dzina ndi adiresi, ya VMware ija, ilibe vuto ndi ofesi ya a bursar. Extension Pack imatsitsidwa popanda akaunti, koma seva iliyonse imasunga nambala ya IP, imene ili ngati adiresi ya pa intaneti, ya amene watsitsa, ndipo a Oracle amadziwika kuti amatsata manambala amenewa n'kulembera mabungwe kuwafunsa za malaisensi. Mu 2019 inamveka nkhani ya kampani ina yaing'ono yopereka intaneti ku Britain imene inauzidwa kuti ilipire madola oposa 12,000, pamene iyo inkati otsitsawo anali makasitomala ake, osati antchito ake. Chimene chimakweza mtengo n'chakuti laisensi yamalonda ya ogwiritsa ntchito siigulitsidwa mmodzimmodzi, yakhala ikuyambira pa anthu 100. Inu mukufuna ya kompyuta imodzi ya a bursar, iwo akukuuzani za anthu 100, m'madola, ndi mmene ndalama zakunja zikuvutiramu. Chikomekome cha mkuyu chija n'chimenechi.

Ena adzakuuzani kuti Oracle ili kutali, siingadziwe n'komwe kuti Zomba ili kuti. Mwinadi kalata siidzafika. Koma Malawi ali mu pangano la Berne loteteza eni ntchito zolembedwa, ndipo tili ndi lamulo lathu la Copyright la 2016. Kuwonjezera apo, koleji imene imalandira thandizo kuchokera kunja tsiku lina imadzachezeredwa ndi ma auditor, ndipo ena a iwo amafunsa mndandanda wa mapulogalamu ndi malaisensi ake. Kwa ine chifukwa chachikulu n'chapafupi kuposa zonsezi: mukusenza ngozi chifukwa cha chinthu chimene mwina simuchigwiritsa ntchito n'komwe.

Ndikutero chifukwa ambiri amene anaika Extension Pack ankafuna chinthu chimodzi, kuti fulashi kapena pulinta ya USB ioneke mkati mwa VM pa liwiro labwino. M'mitundu yakale USB 2.0 ndi 3.0 zinalidi mu Extension Pack. Kuyambira pa 7.0 anazisamutsira mu pulogalamu yaikulu ya GPL. Zimene zinatsala kumbali yotsekedwa ndi monga kulowa mu VM muli patali kudzera mu VRDP, kutseka disiki ya VM ndi pasiwedi, kugwiritsa ntchito kamera ya kompyuta mkati mwa VM, ndi kudzutsa VM kudzera pa netiweki ndi PXE ya Intel. Pa zimenezi a bursar akufunapo chiyani? Ndikukayika ngati chilipo.

Musasokonezenso Extension Pack ndi Guest Additions, chifukwa mayinawa amapusitsa anthu ambiri. Guest Additions ndi ija mumaika mkati mwa Windows 7 yomweyo kuti sikirini idzaze bwino, mbewa iyende momasuka ndi kuti mafoda azioneka mbali zonse ziwiri. Imeneyo ndi mbali ya pulogalamu yaikulu, siili pansi pa PUEL. Isiyeni ili pomwepo.

Ndiye mawa chitani chonchi. Pa kompyuta ya a bursar lembani VBoxManage list extpacks. Ikakuuzani kuti pali 0, nkhani yatha, pitani mukaphunzitse. Ikaonetsa dzina la Extension Pack, musathamangire kuichotsa. Yambani mwakopera foda yonse ya VM ija pa disiki ina, VM ili yozima. Kenako onani zinthu ziwiri. Choyamba, ngati disiki ya VM munaitseka ndi pasiwedi, chotsani loko ameneyo Extension Pack idakalipo, chifukwa ikachoka simudzakhala ndi chotsegulira. Chachiwiri, onani mtundu wa VirtualBox. Ngati ndi 6 kapena wakale kuposa apo, kwezani kufika pa 7 kaye.

Chachiwirichi ndinachiphunzira movutikira. Pa ofesi ina imene ndinkathandiza, ndinachotsa Extension Pack pa VirtualBox 6 Lachisanu madzulo, ndikudziona ngati ndagwira ntchito yaukhondo. Lolemba m'mawa foni inalira: VM yakana kudzuka, ikungotulutsa uthenga woti chipangizo cha USB 2.0 sichikupezeka, ndipo unali mlungu wa malipiro. Mayi wa ku akaunti anali ataima kumbuyo kwanga manja ali m'chiuno, osayankhula kanthu, zimene zinali zoopsa kuposa kukalipa. Mankhwala ake anali a mphindi imodzi, kulowa mu Settings, USB, n'kusankha 1.1, koma mphindi imodziyo ndinaipeza patatha ola lathunthu la thukuta. Cholakwa chinali changa, sindinayese kudzutsa VM ndisanatseke ofesi. Inu mukachotsa, idzutseni pomwepo, a bursar atsegule pulogalamu yawo, asindikize lisiti limodzi, kenako muzipita.

Za VMware sindichulutsa. Workstation, pulogalamu yawo yogwira ntchito ngati ya VirtualBox, ndi yabwino, koma khodi yake ndi yotsekedwa, ndiye mwini wake akhoza kuika buku pa geti ndipo palibe amene angatsegule geti lina. Broadcom inagula VMware mu Novembala 2023. Mu Meyi 2024 inalola anthu kugwiritsa ntchito Workstation Pro mwaulere pa zawo zapayekha, ndipo mu Novembala chaka chomwecho inatsegulira onse, amalonda omwe. Choncho lero a bursar akhoza kuigwiritsa ntchito mosaphwanya lamulo. Adiresi imene anakufunsani ija imakhudzana ndi malamulo a dziko la America oyang'anira katundu waukadaulo wotuluka kunja. Mukaganiza zolembetsa, lembetsani ndi imelo ya koleji, osati yanu, kuti mukadzasintha ntchito akaunti isadzapite nanu. Koma kumbukirani kuti uwu ndi ulere, ndipo wopereka akhoza kusintha maganizo. Kampani yomweyi inasiya kupereka mwaulere ESXi, pulogalamu yake yoyendetsera ma VM pa seva, mu Febuluwale 2024, anthu ambiri n'kusowa pogwira, kenako inaibwezeretsa mu Epulo 2025. Ndi GPL zotere sizichitika pa mtundu umene muli nawo kale m'manja. Mwini akhoza kusintha laisensi ya mitundu yam'tsogolo, koma ufulu wa umene anaupereka kale sangaulande.

Proxmox VE imapangidwa ndi kampani ya ku Vienna, ku Austria, inayamba kutuluka mu 2008, ndipo ili pansi pa laisensi ya AGPL yachitatu, m'bale wake wa GPL. Uthenga wa No valid subscription uja mumangodina OK basi. Palibe chimene chatsekedwa, ndipo mukhoza kuigwiritsa ntchito pa malonda. Chimene amagulitsa ndi thandizo la akatswiri awo ndi nkhokwe ya zosintha zimene zayesedwa nthawi yaitali. Chimene chimadodometsa ongoyamba n'chakuti ikangoikidwa imakhala ikuloza ku nkhokwe ya olipira, ndiye mukafuna kutsitsa zosintha imakana ndi nambala 401. Mumangozimitsa nkhokwe imeneyo n'kuyatsa ina yotchedwa no-subscription, ndipo zonsezi zimachitikira pa tsamba lake lomwelo. Pa intaneti pali timapulogalamu tochotsa uthenga wodandaulawo. Laisensi siikuletsani, koma ine sindingayendetse khodi ya munthu wosamudziwa pa seva ya sukulu pofuna kupewa kudina batani limodzi. Komanso sindiona cholakwa kuti anthu amene akupereka ntchito yawo yonse poyera azikumbutsa kuti nawonso amadya.

Komabe mnzanuyo wakupatsani khasu pamene mumafuna chikwanje. Proxmox imatenga kompyuta yonse n'kuisandutsa seva, siikhala pambali pa Windows pa desiki ya munthu. Ingakuthandizeni mu labu, ngati mungapeze kompyuta imodzi yamphamvu yoti ophunzira onse azilowamo kudzera pa bulawuza. Kwa a bursar, VirtualBox 7 yopanda Extension Pack ndi yokwanira.

Ngati makompyuta a mu labu akuyendera Linux kale, yesaninso KVM pamodzi ndi QEMU ndi virt-manager, zimene zikaphatikizidwa zimagwira ntchito yofanana ndi ya VirtualBox. KVM ili mkati mwa Linux mwenimweni kuyambira mu 2007, QEMU anaiyamba ndi Fabrice Bellard mu 2003, ndipo pa zonsezi palibe fayilo yachiwiri yokhala ndi chikalata china, palibe akaunti, palibe uthenga wodandaula. Proxmox yomweyo pansi pake pali KVM. Ophunzira amene adzafune ntchito yoyang'anira maseva adzapindula kwambiri akaizolowera.

Pali chinthu chimodzi chimene simunafunse koma auditor angayambire pomwepo. Laisensi ya VirtualBox siiphimba zimene zili mkati mwa VM. Windows 7 ija ikufunika laisensi yakeyake, chimodzimodzi pulogalamu yowerengera ndalama. Ndiponso Microsoft inasiya kutulutsa zotchinjiriza Windows 7 mu Januwale 2020, ndiye ngati pulogalamu ya a bursar siifuna intaneti, lowani mu Settings, Network, muchotse chizindikiro pa adaputa, VM ikhale yopanda khomo lotulukira kunja.

Ophunzira akamadzabwera ndi mafulashi awo kuti muwakoperere VirtualBox apulumutse bandulo, apatseni pulogalamu yaikuluyo momasuka, ndipo nawonso akhoza kupatsa anzawo. Extension Pack isalowe pa fulashi imeneyo, popeza PUEL siilola kuigawa kwa ena. Amene akuifuna akatsitse yekha kwa eni ake, ndipo batani lija lisanayake mumuuze atsetsereke pang'onopang'ono, awerenge ndime imene ikunena za amene akuloledwa.